Kodi mwala umene bambo anatisiyira unagwadi kuchokera kumwamba?

"Ndimakhala ku Mabvuku kuno ku Harare. Malemu bambo anga anachokera ku Ntcheu ndipo anagwira ntchito zaka zambiri m'migodi ya chrome ku Mutorashanga. Pa katundu amene anasiya pali mwala wakuda wokwana m'dzanja limodzi koma wolemera kwambiri, ndipo maginito amaukoka pang'ono. Iwo ankanena kuti unagwa kuchokera kumwamba. Mwezi watha ndinaika chithunzi chake pa Facebook, ndipo munthu wina wandilembera pa WhatsApp kuti ali ndi mzungu wofuna kuugula pa madola 20,000 a ku America, koma ndiyambe ndatumiza madola 300 olipirira kuyeza ndi satifiketi. Ndingadziwe bwanji ngati mwalawu ndi weniweni? Kodi malamulo amalola kuugulitsa? Nkhaniyi yandipatsanso chidwi moti ndikufuna kuyamba kusonkhanitsa miyala yotereyi. Ndiyambire pati?"

Zikomo kwambiri bambo chifukwa cha kalata yanu. Mtima ukhale m'malo, chifukwa mwalawo sungakuvulazeni ngakhale utakhala kuti unachokeradi kumwamba. Miyala yakumwamba ilibe poizoni, ndipo mphamvu zoopsa zimene anthu amaziopa pa miyala ya uranium mulibemo kuposa mmene zilili m'mwala wamba wa pabwalo panu. Ana akhoza kuugwira, ndipo palibe chifukwa choutulutsira m'nyumba.

Chimene chingakuvulazeni ndi munthu wa pa WhatsApp uja. Madola 300 amenewo musatumize. Pa zaka zimene ndakhala ndikuona miyala imene anthu amabweretsa kuti ndiwayezere, njira ya akambelembele yakhala yomweyi: amatchula mtengo waukulu asanaugwire n'komwe mwalawo, amatchula mzungu amene simudzamuona, kenako amapempha kandalama kooneka kochepa poyerekeza ndi kamene akulonjezako. Mukatumiza koyamba pamabuka ndalama ya msonkho, kenako ya kasitomu, mpaka tsiku limene nambala yawo idzasiye kupezeka. Wogula weniweni satchula mtengo poona chithunzi chokha, ndipo amafunsa kulemera kwa mwala m'magalamu, malo amene unatoledwa ndi zotsatira za ku labotale. Palibenso bungwe lililonse padziko lapansi limene limapereka satifiketi ya mwala wakumwamba pongolandira ndalama pa foni.

Mawu a malemu bambo anu sindikuwapeputsa, popeza miyala imagwadi m'dera lathu lino. Mu Marichi 1934 mwala wa makilogalamu 22 unagwa ku Mangwendi, m'chigawo cha Mashonaland East, ndipo mu 2009 wina wokulirapo unagwa ku Nkayi. Kwathu ku Malawi unagwa ku Zomba mu 1899, ndipo wa ku Machinga, umene unagwa mu Januwale 1981, unali woposa makilogalamu 90. Ku Mbozi m'dziko la Tanzania, kufupi ndi malire a kumpoto kwa Malawi, kuli chimwala chachitsulo cha matani pafupifupi 16, pamene ku Namibia, pafupi ndi Grootfontein, kuli Hoba, wa matani pafupifupi 60, umene mlimi wina anaupeza mu 1920 ndipo mpaka lero sunasunthidwe. Yambiri mwa miyala imeneyi ndi zibenthu za matanthwe amene amazungulira dzuwa pakati pa Mars ndi Jupiter, ndipo zaka zake zimafika pafupifupi 4.56 biliyoni, kuposa mwala uliwonse umene mungaukumbe pansi pano.

Komabe ndiyenera kukuuzani mosabisa kuti mwa miyala imene anthu amaiganizira kuti ndi yakumwamba, pafupifupi yonse imapezeka kuti ndi ya pansi pompano, ndipo Zimbabwe ndi dziko limene munthu amanyengeka mosavuta pa nkhaniyi. Mutorashanga ili pa Great Dyke, mzere wa miyala wotalika makilomita pafupifupi 550 umene umadutsa pakati pa dziko lino, ndipo m'menemo ndi mmene mumachokera chromite, mwala umene amayengamo chrome. Mwala umenewu ndi wakuda, ndi wolemera, ndipo maginito amaukoka pang'ono, ndendende monga mwafotokozera wanuwo. Palinso magnetite ndi hematite, miyala imene amayengamo chitsulo. Pali zotsalira za m'ng'anjo zosungunulira miyala, zimene ogwira ntchito amazitcha slag, zochokera ku Redcliff, Kwekwe ndi Gweru, zimene zinamwazika m'misewu ndi m'mbali mwa njanji. Zidutswa za ferrochrome, chitsulo chosakaniza ndi chrome chochokera m'ng'anjo, nazonso zimanyenga chifukwa zimanyezimira zikasweka. Ndipo pafupi ndi mgodi uliwonse wakale mumatoleka timipira tachitsulo ta m'zigayo zoperera miyala, timene tikatha ndi kuchita dzimbiri timaoneka zachilendo ndithu kwa munthu amene sanagwirepo ntchito pa chigayo.

Pali zinthu zimene mungayese nokha kunyumba osauwononga mwalawo, ndipo ndikupemphani kuti musauphwanye ndi hamala, musauthire asidi wa m'batire, komanso musauotche, monga amachitira ena atalangizidwa ndi makorokoza, anthu okumba golide paokha aja.

Yambani ndi maso, mutautengera panja padzuwa. Mwala ukamalowa mumlengalenga wa dziko lathu umathamanga makilomita oposa 11 pa sekondi, ndipo kunja kwake kumasungunuka n'kusiya kachikopa kakuda kopyapyala, kawirikawiri kosaposa milimita imodzi, pamene mkati mumakhala mosapsa ndiponso motuwirapo. Ngati pali pamene panabenthuka, yang'anani ngati mtundu wa kunja ukusiyana ndi wa mkati. Mwala umene ndi wakuda bii kunja ndi mkati momwe, wokhala ndi timchenga tonyezimira tothinana, nthawi zambiri umakhala chromite kapena magnetite. Yang'ananinso makona. Mwala wakumwamba umakhala ndi makona osalala, ndipo ina imakhala ndi timaenje tosaya ngati mmene chala chimasiyira pa dongo la woumba mbiya. Koma mukaona timabowo tozungulira tolowa mkati, ta thovu limene linauma, dziwani kuti mwagwira slag kapena mwala wa chiphalaphala, chifukwa miyala yakumwamba yokhala ndi timabowo totere ndi yosowa kwambiri. Mukaonamo mizere ya quartz, mwala woyera uja umene okumba golide amautsatira, nkhani yathera pomwepo, popeza mizere yotere imapangika pansi pano.

Kenako tengani tailosi yosweka n'kukhwekhweza mwalawo kumbuyo kwake kumene sikunapakidwe zonyezimira. Hematite imasiya mzere wofiirira, magnetite imasiya wakuda, ndipo chromite imasiya wabulawuni. Mwala wakumwamba susiya mzere wooneka bwino, kupatula kadzimbiri kochepa koyambirira ngati unakhalitsa panthaka. Kuyesa kumeneku n'kosavuta koma kumathetsa milandu yambiri kuposa kwina kulikonse, ndipo ndikuganiza kuti ndi kumene kudzakuyankheni inuyo.

Za maginito anthu amazikhulupirira mopitirira muyezo. N'zoona kuti miyala yambiri yakumwamba imakokedwa ndi maginito chifukwa muli chitsulo, koma magnetite imakokedwanso, chimodzimodzi slag wambiri ndi mpira wa m'chigayo. Choncho maginito akakana kotheratu, mwayi umachepa kwambiri, koma akavomera sanatsimikize kanthu. Ndionjezere kuti akatswiri masiku ano amapempha kuti mwala umene wangogwa kumene usayandikizidwe kwa maginito amphamvu, chifukwa amafufuta mbiri ya mphamvu ya maginito imene mwalawo unasunga kuchokera kumene unapangika. Wanuwo wakhala ukuyesedwa kale kangapo, choncho musadandaule nazo.

Kulemera kuyezedwe ndi sikelo, osati ndi dzanja. Pezani sikelo ya kukhitchini yowerenga magalamu ndipo mulembe kulemera kwa mwalawo uli wouma. Ikani mbale ya madzi pa sikeloyo, ibwezereni pa ziro, mangani mwalawo ndi ulusi n'kuumiza wonse m'madzi osaukhudzitsa pansi kapena m'mbali mwa mbale, ndipo mulembe nambala imene yatuluka. Gawani nambala yoyamba ndi yachiwiriyo. Mwala wamba ngati granite wa ku Domboshava umapereka pafupifupi 2.7. Miyala yakumwamba ya mtundu wofala kwambiri, wotchedwa chondrite, imagwera pakati pa 3 ndi 3.7, pamene yachitsulo imayandikira 8. Yankho likakhala pakati pa 4 ndi 5 kapena kupitirira pang'ono, kumeneko ndi kwawo kwa chromite, hematite ndi magnetite, ngakhale kuti pali mtundu wina wosowa wa miyala yakumwamba, wosakanikirana mwala ndi chitsulo, umene umagweranso pomwepo. Mukamaliza, upukuteni msanga ndi kuuumitsa bwino padzuwa.

Ngati wapambana zonsezi, tengani tupa n'kupala kamalo kochepa pakona yosaonekera, kukula kwake ngati chikhadabo, kenako musalalitse ndi sandipepa. M'chondrite mumaoneka timadontho tachitsulo tonyezimira tomwazikana m'mwala wotuwa kapena wabulawuni, ndipo ndi galasi lokulitsa zinthu mungaone timibulu tozungulira ta milimita imodzi kapena kucheperapo, totchedwa chondrules, timene sitipezeka m'mwala uliwonse wa pansi pano. Mwala wakumwamba wachitsulo umaonetsa chitsulo chokhachokha chowala, chopanda mabowo, ndipo suphwanyika ngati mmene ferrochrome amachitira.

Apa ndi pamene kuyesa kwa kunyumba kumathera, ndipo ndi nthawi yopita kwa odziwa. Kuno ku Harare mungautengere ku ofesi ya Zimbabwe Geological Survey, kapena kwa aphunzitsi a za miyala ku University of Zimbabwe ku Mount Pleasant. Ku Bulawayo kuli Natural History Museum, imene ili ndi gawo la za miyala. Pitani nokha ndi mwalawo, mutaujambula mbali zonse pafupi ndi rula ndiponso mutalemba kulemera kwake, ndipo ngati akupemphani kuti muusiye, pemphani kalata yosonyeza kuti aulandira. Katswiri wa za miyala wozolowera amazindikira chromite m'kanthawi kochepa. Ena adzakuuzani kuti mupite kwa anthu amene ali ndi makina a XRF oyezera miyala ya m'migodi. Makinawo ndi othandiza, chifukwa chitsulo chakumwamba chimakhala ndi mtundu wina wa chitsulo wotchedwa nickel, kawirikawiri magawo 5 pa 100 kapena kuposerapo, ndipo chitsulo chopanda nickel si chakumwamba. Koma samalani pomasulira zotsatira zake, popeza dziko lino lili ndi migodi ya nickel ku Bindura ndi ku Shangani, ndipo miyala ya pa Great Dyke nayonso ili ndi nickel wake. Kupezeka kwa nickel pakokha sikutsimikiza kanthu pa mwala wa ku Mutorashanga.

Tiyerekeze kuti akatswiri akuti ukuoneka weniweni. Kuti dziko liuvomereze, kachidutswa kamadulidwa n'kukapimidwa ku labotale yozolowera ntchitoyi, ndipo zotsatira zake zimatumizidwa ku komiti yopereka mayina ya bungwe la Meteoritical Society, imene imaulemba m'kaundula wake wotchedwa Meteoritical Bulletin. Lamulo lawo ndi lakuti magalamu 20, kapena gawo limodzi mwa magawo asanu a mwalawo ngati ndi waung'ono, asungidwe mpaka kalekale kumalo ovomerezeka kuti ofufuza ena azitha kuuona. Mwala umapatsidwa dzina la malo amene unapezeka, osati la munthu, n'chifukwa chake timamva za Machinga, Nkayi ndi Mangwendi. Ntchitoyi imatenga miyezi, ndipo pamene pamavuta kwa inu ndi pakuti adzafunsa kumene unatoledwa ndi chaka chake. Ngati mayi, amalume kapena anzawo a malemu akadali moyo, afunseni tsopano ndipo mulembe zimene anene: ngati bambo anauona ukugwa kapena anangoutola, munda kapena phiri lake, ndi amene analipo. Mbiri imeneyi imakweza mtengo wa mwala, ndipo ofufuza amaifuna kwambiri.

Pa za mtengo, anthu asokonezeka ndi nkhani za m'manyuzipepala. Mu Julayi 2025 kampani ya Sotheby's ku New York inagulitsa mwala wochokera ku Mars, wotchedwa NWA 16788, wa makilogalamu pafupifupi 25, pa madola 5.3 miliyoni. Nkhani yotere ndi imene akuba amaigwiritsa ntchito pokopa anthu. Zoona zake n'zakuti mwa miyala yakumwamba yoposa 70,000 imene inalembedwa, yochokera ku Mars ndi mazana ochepa chabe. Yambiri ndi ma chondrite wamba, ndipo amene amatoledwa m'chipululu cha Sahara n'kugulitsidwa kudzera m'misika ya ku Morocco ngati Erfoud, akakhala osalembetsedwa, nthawi zambiri safika ngakhale dola imodzi pa galamu. Mwala wokwana m'dzanja wa mtundu umenewu ungabweretse madola mazana angapo, osati 20,000. Mtengo umakwera ngati mwala unaonedwa ukugwa, ngati chikopa chake chakuda chili chonse, ngati mtundu wake ndi wosowa, kapena ngati wachokera m'dziko limene lili ndi miyala yochepa yolembedwa, ndipo pa mfundo yomalizayi Zimbabwe ili pabwino.

Nkhani ya NWA 16788 ili ndi mbali ina imene imakhudza funso lanu la malamulo. Mwalawo unatoledwa ku Niger mu 2023, ndipo utagulitsidwa boma la dzikolo linayambitsa kafukufuku wofuna kudziwa mmene unatulukira. Mayiko oyandikana nafe ndi okhwima pa nkhaniyi. Ku South Africa lamulo la National Heritage Resources Act la 1999 limateteza miyala yakumwamba, moti munthu sangaigulitse kapena kuitulutsa popanda chilolezo. Namibia inaletsa kutulutsa zidutswa za Gibeon, mwala wachitsulo umene anthu a mtundu wa Nama ankasula nawo zida, ndipo zina mwa izo zinaikidwa poyera pa Post Street Mall ku Windhoek. Botswana nayo imaiwerengera m'gulu la chuma cha dziko. Kuno, musanalonjeze wina aliyense kapena kutumiza kanthu kunja, funsani ku National Museums and Monuments of Zimbabwe ndi ku unduna wa za migodi, ndipo yankho lawo likhale lolembedwa. Kuwoloka nawo malire a Beitbridge kapena Nyamapanda muli mutaubisa m'chikwama kungakutayitseni mwalawo ndi kukuikani m'mavuto, ndipo wogula wodziwa malondawa safuna mwala wopanda mapepala. Musaiwalenso kuti umenewu ndi katundu wa malemu, choncho abale anu ayenera kumva ndi kuvomereza musanaudule kapena kuugulitsa.

Tsopano za kusonkhanitsa. Ndakondwa kuti chidwi chanu chapitirira pa ndalama, ndipo malangizo anga ndi akuti muyambe ndi kachidutswa kamodzi kakang'ono kotsimikizika, kuti dzanja ndi diso lanu zizolowere chinthu chenicheni. Chondrite yodulidwa ndi kusalalitsidwa ya magalamu 10 kapena 20 imaphunzitsa zambiri kuposa zithunzi zonse za pa intaneti. Pa yachitsulo, yosavuta kupeza ndi Campo del Cielo wa ku Argentina ndi Sikhote-Alin, umene unagwa ku Russia mu Febuluwale 1947. Mukadzatha, mudzagule kachidutswa kachitsulo kodulidwa ndi kutsukidwa ndi asidi, koonetsa mizere yopingasana yotchedwa Widmanstätten, imene imapangika pokhapokha chitsulo chikazizira pang'onopang'ono kwa zaka mamiliyoni, moti palibe ng'anjo ya munthu imene ingaipange. Gulani kwa ogulitsa odziwika, monga mamembala a International Meteorite Collectors Association, ndipo dzina lililonse limene akupatsani mulifufuze m'kaundula wa Meteoritical Bulletin, amene aliyense angamuwerenge mwaulere pa intaneti. Chenjerani ndi timiyala tamaonekedwe okongola tobiriwira totsika mtengo timene amati ndi pallasite, mtundu wosowa uja wosakanikirana mwala ndi chitsulo, chifukwa tambiri ndi topangidwa ndi anthu. Kapepala kamene kabwera ndi mwala musakataye, ndipo mukhale ndi kabuku kolembamo dzina, kulemera, tsiku ndi amene anakugulitsani.

Mdani wa miyala imeneyi ndi chinyontho. Nyengo yozizira ya ku Harare ndi youma ndipo sivuta, koma kuyambira Novembala mpaka Marichi chitsulo chakumwamba chimachita dzimbiri msanga, makamaka Campo del Cielo. Sungani mwala uliwonse m'kabokosi kotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel, timene timabwera m'mabokosi a nsapato ndi a mankhwala, ndipo muzitisintha kapena kutiumitsa. Musaugwire kawirikawiri ndi manja a thukuta, popeza mchere ndi umene umayambitsa dzimbiri, ndipo musautsuke ndi madzi a pampopi.

Kufunafuna miyala m'tchire mwachisawawa sikupindula m'dziko la udzu ndi mvula ngati lino, chifukwa mwala ukagwa umabisika ndi kuwonongeka msanga, mosiyana ndi ku Sahara kapena ku Antarctica kumene umakhala poyera zaka zikwi zambiri. Mwayi wathu weniweni uli pa mwala umene wagwa anthu akuona. Mukadzaona chimoto chachikulu chikudutsa kumwamba, n'kumva kugunda patapita mphindi imodzi kapena zingapo, lembani nthawi, malo amene munaima ndi mbali imene chinalowera. Kawirikawiri chimaoneka ngati chagwera kuseri kwa phiri lapafupi pamene chili pa mtunda wa makilomita ambirimbiri, ndipo mwalawo ukamafika pansi umakhala utazima kale, wosatentha kwenikweni. Mukautola, jambulani kaye pamene wagona, sungani malowo pa mapu a m'foni, unyamuleni ndi pepala loyera la aluminiyamu kapena kathumba katsopano, ndipo mudziwitse mwini malo ndi a Geological Survey. Pa 2 Juni 2018 kathanthwe kotchedwa 2018 LA, kamene akatswiri a ku Arizona anakaona patatsala maola ochepa kuti kafike, kanaphulika kumwamba kwa Botswana, ndipo chidutswa choyamba chinapezeka patapita milungu itatu m'nkhalango ya Central Kalahari, kumene miyalayo inapatsidwa dzina lakuti Motopi Pan. Chimene chinathandiza ofufuza kudziwa kokafunafuna chinali makanema a makamera achitetezo. Choncho zikadzachitika kuno, pitani tsiku lomwelo kwa eni masitolo, malo omwetsera mafuta ndi masukulu amene ali ndi makamera, muwapemphe kuti asunge kanema wa ola limenelo, chifukwa makina ambiri amafufuta okha zakale pakangopita masiku ochepa.